Denga la Galimoto ya Atate

Kuseri kwa galaja ya atate, mu Katete, kunali kashedi ka malata kotseka ndi unyolo. M'menemo munkakhala galimoto imene sinkafanana ndi ina iliyonse yodutsa mumsewu waukulu wopita ku Chipata. Inali yaifupi kwambiri, denga lake linkandilekeza m'chifuwa. Inali ndi zitseko ziwiri zokha, nyali zozungulira ngati maso a chule, ndi mtundu wobiriwira ngati tsamba la mango lokhwima. Injini inali kumbuyo. Pamwamba pa injiniyo panali chimchira chophwatalala, chimene amayi ankati n'chabwino kuyanikapo ufa. Inapangidwa ku Jeremani ine ndisanabadwe, amayi akadali kamtsikana kwawo ku Vubwi.

Atate sanaigule. Kuyambira paunyamata wawo ankakonza malole a mkulu wina wachisilamu, mwini sitolo ya nsalu ndi zitsulo, wobadwira ku Malawi. Mkuluyo atakalamba, ana ake anabwera kudzamutenga kuti akakhale naye ku Lusaka. Tsiku lonyamuka anaitana atate n'kuwapatsa makiyi ndi mapepala onse a galimotoyo. Akuti anangonena kuti, "Ana angawa saidziwa. Iwe ndiwe umaimva ikamadwala."

Mkuluyo ankailiza Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, ndipo atate, ngakhale anali munthu wa tchalitchi, sanasinthe tsikulo. Lachisanu tinkaweruka msanga kusukulu. Ndinkapeza atasamba kale m'manja ndi sopo wochapira, atavula ovolosi, atavala malaya oyera. Ntchito yanga inali kupukuta magalasi ndi kansalu kofewa kamene kankakhala m'botolo kuopa fumbi. Tikatero ankaitulutsa pang'onopang'ono, n'kuisiya ilire kaye kuti itenthe, kenako tinkalowera njira ya ku Sinda.

Tikafika pamene msewu wawongoka ankandiuza kuti nditsamire bwino. Ankaponda mafuta, koma poyamba panalibe chochitika. Galimoto inkangoyenda ngati ikuganiza. Kenako kumbuyo kwathu kunkamveka kamluzu, china chake n'kundikanikizira mumpando, mitengo ya m'mbali mwa msewu n'kusanduka mzere umodzi.

"Ndiye tebo imeneyo, yowonjezera mphamvu ya injini," ankatero atate. "Imachedwa kuyankha. Koma ikayankha sifunsa."

Sitinkayankhula zambiri. Ine sindine wolankhulalankhula, ndipo nawonso sanali otero. Tinkakatembenukira pa mlatho wina waung'ono n'kubwerera, ndipo pobwerera ankayendetsa mwaulemu ngati m'galimoto muli mazira.

Anthu ankabwera kudzaipempha ya ukwati, atate ankakana. Kumudzi kwawo, kufupi ndi Mkaika, sanapiteko nayo n'kamodzi komwe, chifukwa msewu wa kumeneko ndi wa miyala ndipo mimba ya galimotoyo inali pafupi ndi dothi. Azakhali, mlongo wawo wa atate, ankadandaula nazo moseka. "Achimwene, galimoto yanu timangoimva mbiri ngati mvula ya kwina. Idzaponda liti kwathu?" Atate ankati boma likathira tala.

Chaka chimene ndinalowa giredi teni, miyendo ya atate inayamba kutupa. Poyamba ankati ndi kuimirira. Kenako nsapato zinakana, anayamba kuvala mapatapata, ndipo kulowa pansi pa galimoto za anthu kunkawatsekereza mpweya. Kuchipatala anati ndi mtima. Anawapatsa mapilitsi ochotsa madzi, ankachira pang'ono, n'kutupanso. Makasitomala anayamba kupita kwa amakaniko ena. Maulendo a ku Sinda anatha. Lachisanu ankangoiliza mushedi momwemo atakhala pampando, khomo lili chitsegulire, ine ndikupukuta magalasi amene analibe fumbi.

Lachisanu lina atazimitsa injini anandiuza kuti ndilowe ndikhale mbali inayo.

"Mayi," ankanditcha choncho akafuna kunena zazikulu, "ndikachoka ine, amako adzabwerera kwawo ku Vubwi. Nyumba ino ndi ya lendi, galajanso ndi ya lendi. Kumudzi kwa amako kulibe sekondale yoti n'kuyenda wapansi. Iwe uyenera kutsala kuno, ulowe bodingi, mpaka umalize. Ukafuna kupitirira, upitirire."

Ndinkangoyang'ana mawondo anga.

"Ndiye iyi ndaipereka ku okushoni. Kuli anthu ku Lusaka amene amagulitsa zakale ngati izi. Ogula amapikisana, wopereka zambiri ndiye amatenga. Sukulu yako ndi imeneyi, wakhalamoyi."

Ndinafuna kunena kuti sachoka, koma mapazi awo anali pomwepo, onyezimira ndi kutupa. Ndinangoti, "Inde, atate."

Patapita masabata angapo kunabwera mayi wina wa ku Lusaka, wa kampani ya okushoniyo, wovala thalauza ndi nsapato za mpira. Anazungulira galimotoyo kangapo asanaigwire. Anagwada, anasuzumira pansi, anajambula zithunzi zosawerengeka, mpaka zomangira za mipando. Anali ndi kachipangizo kokhala ngati foni kamene ankakagunditsa pa penti malo osiyanasiyana, n'kumapukusa mutu.

"Mudala, motoka iyi simunaipentepo olo kamodzi?"

"Ndipente chifukwa chiyani? Yalakwa chiyani?"

Mayiyo anaseka mpaka anagwira pakamwa. Kenako anafotokoza bwinobwino, akuyang'ananso ine. Anati magalimoto otere alipo ena kunja, koma ambiri anagundidwapo, anadulidwapo, anawotchereredwa. Ogula amafuna imene ili monga inatulukira kufakitale. Anatilozera kachipsera ka pachitseko, pamene njinga yanga inakhulapo ndili wamng'ono.

"Olo aka, musakafute. Musachite chilichonse. Chimene akugula anthu aja ndi chakuti sinakhudzidwe."

Anati zithunzi aziika pa intaneti kuti ogula ayambe kuona, ndipo lole yonyamula magalimoto idzabwera kudzaitenga tsiku la malonda likayandikira. Bambo wowotcherera zitsulo, amene shedi yake inagundana ndi galaja yathu, mnzawo wa atate amene ankamwa naye tiyi m'mawa uliwonse, anaimirira pakhomo n'kumva zonsezi.

Atate anaitanitsa azakhali kuchokera kumudzi. Anawauza pamaso pa amayi ndi ine kuti galimoto ikupita, ndipo zonse zotulukapo ndi za sukulu ya mwana. Azakhali sanatsutse. "Mwanayu ndi wathu tonse," anatero. "Aphunzire, adzatisamale." Anandisisita kumsana, n'kundipatsa mtedza wokazinga umene anabwera nawo m'kapepala.

Atate anamwalira m'nyengo yotentha, mvula isanayambe, lole ya ku Lusaka isanabwere.

Thupi linachoka kuchipatala n'kugona kunyumba kwathu, kuti m'mawa mwake lipite kumudzi kukaikidwa pakati pa abale a amayi awo. Adzukulu anabwera kuchokera kumudziko, amuna amene si abale athu, amene ntchito yawo ndi kunyamula bokosi ndi kukumba manda. Mkulu wawo anali bambo wamfupi, wa diso limodzi loyera, wovala jekete lopanda mabatani.

Lole yonyamula maliro inali ya mlimi wina wa thonje wa mpingo wathu. Adzukulu anakweza bokosi, amayi a kutchalitchi anakwera n'kukhala molizungulira, nyimbo inayamba. Ine ndinakhala pafupi ndi amayi, amene anali atafunda chitenje kumutu. Dalaivala anapotokola kiyi. Lole inangoti kho, kho, n'kukhala chete. Anayesanso. Amuna anatsika n'kuikankha mpaka kumsewu. Inagwedezeka, inatsokomola utsi wakuda, n'kuzima. Anaikankhanso kubwerera pakhomo, thukuta lili kamukamu.

Mkulu wa adzukulu anakwera n'kumenya bokosi ndi chikhatho, mopepuka.

"Amakaniko! Dzukani, kwabwera kasitomala!"

Ena anaseka, chifukwa adzukulu amaloledwa kutero.

"Mwamva? Ali zii. Lero atseka galaja."

"Mwina thonje likuwayetsemulitsa," anatero mnzake. "Mabwana a m'tauni sakwera za thonje."

"Bwana wanji wa zikhadabo zakuda ngati zanga?"

Kenako mkuluyo anasiya kuseka. Anaimirira pamwamba pa lole, diso lake labwinolo lili kushedi kwathu.

"Akuluakulu, tisanamizane. Munthuyu akukana. Moyo wake wonse wagona pansi pa magalimoto a eni ake. Lero mukumukwezanso ya mwini wake, yake ili apo, mwaitsekera ndi unyolo ngati wakuba? Sapita uyu."

Nyimbo inazilala, mayi mmodzi mmodzi. Mawu anayenda m'khamu, kuchoka pa lole mpaka kwa ophika kuseri kwa nyumba: maliro akana.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anabwera kuchokera ku Vubwi, anatuma munthu kwa mwini chigayo kuti akabwereke vani yake. Yankho linabwera loti yapita ku Sinda, ngakhale tonse tinkaiona itaima pamthunzi kuseri kwa chigayocho. Palibe dalaivala amene amafuna kunyamula maliro amene akana kale.

Bokosi linatsitsidwa n'kubwezedwa m'nyumba. Ife tinalitsatira. Patapita kanthawi azakhali analowa, n'kugwada patsogolo pa amayi.

"Alamu, makiyi."

Makiyiwo anali omangidwa pangodya ya chitenje cha amayi. Ndinaona zala zawo zikulimbana ndi mfundo. Anawamasula n'kuwapereka. Mkazi amene mwamuna wake ali m'bokosi pambali pake sanganene kuti sungani katundu. Akanatero, mawu amenewo akanawatsatira mpaka ku Vubwi, mpaka kumanda kwawo.

Ndinatuluka n'kukaima pakhonde, kuseri kwa amayi ena. Amuna anakankhira galimoto pabwalo. Padzuwa inkanyezimira kwambiri, moti anthu a kumudzi amene anali asanaionepo anangoti kakasi. Anabweretsa bokosi n'kuyesa kuliika padenga, koma dengalo linali lozungulira ngati msana wa fulu, ndipo bokosi linkatsetsereka. Wina anabwera ndi zingwe za mphira. Azakhali anakuwa ali pakhonde.

"Mchimwene wanga si thumba la chimanga! Simum'manga pamwamba ngati katundu wa kumsika. Alowe m'kati, monga ankakhalira."

Anamasula mpando wa mbali yanga n'kuutulutsa. Anayesa kulowetsa bokosi pachitseko, cham'mbali, chopendeka, koma linkakakamira. Mkulu wa adzukulu anayeza ndi mkono wake, kuchokera pamene pamakhala mapazi mpaka pa chimchira chija.

"Akwana bwinobwino," anatero. "Chikuvuta n'chipewa chokhachi. Tivule chipewa."

Poyamba sindinamve tanthauzo lake. Ndinamva pamene ndinaona anthu akutembenukira kwa bambo wowotcherera uja.

Sindikumbukira mmene ndinadutsira pakati pa amuna onsewo. Ndinangopezeka nditagwada pambali pa mpando wa amalume, ndikunong'ona. Ndinawauza za mayi wa ku Lusaka, za kachipangizo, za kachipsera ka pachitseko. Amalume anamvetsera atawerama.

"Mwanawe, ife ndife akuchikazi. Pano tabwera kudzalira. Eni maliro ndi awa."

Komabe ananyamuka. Anapita pamene panakhala akuluakulu a kwa atate, anavula chipewa, anayankhula motsitsa mawu. Ndinaona mitu ikupukusidwa. Kenako azakhali anandikodola. Anandikokera pakona ya nyumba n'kundipukuta kumaso ndi chitenje chawo chonunkha utsi.

"Sindinaiwale, mwana wanga. Galimoto ndi yako. Tangobwereka lero lokha. Denga si chitsulo? Adula lero, mawa awotcherera, apenta, ndani adziwe? Ngolo yathu ija yawotchereredwa kangati? Sikuyenda?"

"Anati isakhudzidwe, azakhali."

"Wati chiyani? Kweza mawu."

"Anati isakhudzidwe."

"Ndiye atate ako agone pano ndi dzuwa limeneli? Mpaka liti? Ukumva mmene kukutenthera?"

Ndinkamva. Ndinkamvanso kafungo kamene kanali katayamba m'nyumba, kamene amayi a kutchalitchi ankakabisa ndi mafuta onunkhira. Azakhali sankanama. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chitsulo chimabwerera.

Bambo wowotcherera anayesa kukana.

"Akuluakulu, motoka iyi ikadulidwa yatha. Ine ndinalipo pamene ankanena."

"Aa, inu mukuikonda kuposa mnzanu?" anafunsa mkulu wa adzukulu. Ankamwetulira, koma anthu sanaseke. "Kapena munali ndi gawo lanu?"

Bamboyo anayang'ana nkhope zonsezo, n'kutembenuka kupita kushedi kwake. Anabwera ndi galainda yodulira zitsulo ndi chingwe chachitali chamagetsi. Podutsa pamene ndinaima sanandiyang'ane, koma ndinamva.

"Mwana wanga, ndikakana ine, mawa adzati ndine ndinawadya atate ako."

Anayamba ndi kuchotsa galasi la kumbuyo, lathunthu, n'kukalitsamiritsa kukhoma mosamala. Anapempha masaka onyowa n'kuphimba mpando wa dalaivala ndi zikopa za m'zitseko kuti zisapse. Anajambula mzere ndi choko. Anaima kanthawi galainda ili m'manja. Kenako anailiza.

Ndinabwerera m'nyumba, koma phokosolo linalowa nane. Amayi a kutchalitchi anakweza nyimbo, galainda n'kuikwirira. Pazenera ndinkaona tizimoto tikuthetheka, tikugwera pa dothi, ana akuthawa n'kubwereranso. Fungo la penti yopsa linadzaza chipinda. Amayi anandigwira pamkono pansi pa chitenje chawo, pamene munthu sakanaona, ndipo zikhadabo zawo zinalowa m'khungu langa. Sanandisiye mpaka phokoso litatha.

Amuna ananyamula dengalo n'kuligoneka chagada pansi pa mtengo wa gwafa. Bokosi linalowa monga ananenera mkulu wa adzukulu uja: kumiyendo kunatsikira pamene ndinkaika mapazi anga, kumutu kunatsamira pa chimchira. Analifunditsa chitenje chatsopano.

Woyendetsa anali msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene amayendetsa minibasi ya ku Chipata. Anakhala pampando wa atate, anapotokola kiyi, ndipo injini inalira nthawi yomweyo. Kulira kwa anthu kunakwera ngati atate amwalira kachiwiri. "Wavomera! Wavomera!" Posakhalitsa lole nayo inalira. Nthawi yonseyo dalaivala wake anali atawerama pa batire, akupala mawaya ndi kampeni, koma palibe amene ankayang'ana kumeneko.

Tinadutsa pakati pa tauni, galimoto ya atate patsogolo, ife palole pambuyo. Eni masitolo anatuluka n'kuima pamakomo. Achikulire amene ankamudziwa mkulu wa sitolo uja anaika manja pachifuwa. Anyamata a njinga za kabaza anapatuka. Titatuluka m'tauni msuweni wanga anaponda mafuta monga amachitira ndi minibasi, ndipo itachedwa kuyankha anapondanso. Ndinamva kamluzu kaja kuchokera palole. Galimoto inalumpha, kumbuyo kwake kunapotoka, bokosi linagwedezeka.

"Taonani akuthamangira kwawo!" anakuwa mdzukulu wina. "Pang'onopang'ono, amakaniko, manda sathawa!"

Kuyambira pamenepo msuweni wanga anayendetsa ngati akukoka ngolo.

Titapatuka pa tala, mimba ya galimoto inayamba kukhula pansi. Pa mwala uliwonse ndinkamva chitsulo chikulira. Pa kamtsinje kena kouma inagunda mwamphamvu, amuna anatsika kukaikankha, ndipo itadutsa ndinaona mzere wakuda ukutsalira m'fumbi pakati pa matayala. Ndine mwana wa makaniko. Ndinkadziwa kuti ndi oilo. Mzerewo unatitsogolera mtunda wautali, ukunka nuchepa, mpaka unatha. Nyumba zoyamba za mudzi zitaoneka, injini inayamba kugogoda, kenako inazima.

"Basi, akhuta," anatero mkulu wa adzukulu. "Akuti kotsalaku tiwanyamule pamapewa, aone mudzi wawo bwinobwino."

Mudzi wonse unatuluka. Pamene bokosi linkapita kunyumba ya siwa, ana ndi akulu omwe anazungulira galimotoyo, akuisisita, akusuzumira m'kati. Azakhali anaima pambali pake, dzanja lili pa nyali.

"Yafika kwathu," anatero, misozi ikutsika. "Mwabwera nayo, achimwene."

Atate tinawaika dzuwa litapendeka. Ine ndimalemba m'kope langa tsiku lililonse, koma za tsiku limenelo ndinangolemba kuti kunatentha.

Titameta, galimoto anaikoka ndi lole kubwerera ku Katete. Bambo wowotcherera anasiya ntchito zake zonse. Anabwezera denga, anawotcherera pang'onopang'ono, anapala, anamata, anapalanso ndi sandipepa mpaka zala zake zinatuluka magazi. Penti anakaifuna yekha ku Chipata. Inali yobiriwira, koma ngati tsamba lanthete, osati lokhwima. Sanalole kulandira kanthu. Munthu ataima kumsewu akanati galimoto ndi yomwe ija.

Azakhali anabwera kudzaona. Anagogoda denga ndi chala.

"Waona? Sindinanene?"

"Inde, azakhali."

Amayi sanaimbire foni anthu a ku Lusaka kuwauza zimene zinachitika. Sindinawafunse chifukwa chake. Ndikuganiza kuti nawonso, poona dengalo lili pamalo pake, anayamba kukhulupirira pang'ono. Inenso masiku ena ndinkakhulupirira.

Lole yonyamula magalimoto inafika mitambo ya mvula itayamba kusonkhana. Inali yaitali, ya makwerero achitsulo kumbuyo, ndipo anthu a m'misika anabwera kudzaonerera. Mayi wa ku Lusaka uja anayamba walowa m'nyumba, anavula nsapato, anakhala pamphasa n'kupepesa maliro monga mwa mwambo. Kenako tinapita kushedi, ine ndi amayi ndi azakhali, bambo wowotcherera akutitsatira chapatali.

Mayiyo anaima pakhomo pa shedi. Kachipangizo kake sanakatulutse n'komwe. Analowa, anatsegula chitseko, anapisa dzanja m'kati n'kuliyendetsa m'mphepete mwa denga, pamene nsalu inamatidwanso ndi guluu. Anatembenuka n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Chinachitika n'chiyani?"

Bambo wowotcherera ndi amene anafotokoza, ali chiimire panja, maso ali pansi. Mayiyo anapempha kiyi. Anapotokola. Injini inangoti gu, osatembenuka. Anatuluka n'kukhala pa tayala lakale limene linali pakona, manja ali pamawondo.

"Pepani, amama," anauza amayi. "Nizaichotsa pa okushoni. Anthu anali atayamba kale kufunsa, wina wa ku Joni, ena a ku Ulaya. Koma so, siningaitenge."

"Chifukwa chiyani?" anatero azakhali. "Taonani bwino, mwana wanga. Yabwerera mwakale. Thirani madzi muone ngati alowa."

"Amama, akufuna imene sinadulidwepo."

"Nanga akaona bwanji ali ku Ulayako? Ife sitinena."

"Azaona. Ndiponso ine siningawanamize."

"Injini akonza. Amakaniko atha m'Katete muno?"

"Olo akonze."

Azakhali anayang'ana galimoto, anayang'ana ine.

"Kodi anthu akunjawo, m'bale wawo akakana kupita, amam'tani?"

Mayiyo anadzuka pa tayala lija. Ponyamuka anandigwira paphewa n'kundifunsa giredi imene ndinali. Ndinamuuza. Anagwedeza mutu. Lole inabwerera ku Lusaka yopanda kanthu, makwerero ake akulira m'mabampu.

Azakhali anakhala pansi mushedi momwemo, pa dothi la oilo, n'kulira kuposa mmene analirira kumanda. Ankati agulitsa mtedza wonse, agulitsa mbuzi, mwana sasiya sukulu. Amayi ndi amene anawadzutsa n'kuwasasa fumbi. Tonse tinkadziwa nkhokwe ya azakhali, ndi adzukulu awo amasiye amene ankadya m'menemo.

Galimoto inatengedwa ndi bambo wina wa ku Sinda wogula zitsulo zakale. Anabwera ndi anyamata ake ine ndili kusukulu, polemba mayeso otsiriza a chaka, ndipo pobwera ndinapeza shedi ili pululu. Zimene anapereka zinathera pa lendi yotsala, pa lole yonyamula katundu wathu, ndi pa mbewu.

Akuluakulu a kwa atate anakhala pansi ndi amalume n'kuwasudzula amayi mwaulemu, popanda mkangano. Sanatilande kanthu, ngakhale mbale. Amalume anati mbumba yawo aitenga, ndipo za sukulu tiona tikakolola.

Kwa amayi ndi kupitirira Vubwi, kufupi ndi malire. Foni kuno imagwira za ku Malawi. Kuti igwire za kwathu umayenera kukwera pachulu cha kuseri kwa khola la amalume. Sukulu zitatsegulidwa, mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi anayamba kumaimba pa foni ya amayi Loweruka. Ndinkakwera pachulupo manja ali ndi dothi la m'munda wa mtedza, iye n'kumandiuza zimene aphunzira, amene watenga malo anga pa mpira wa manja, amene wameta tsitsi moseketsa. Anandiuzanso kuti aphunzitsi athu m'mawa uliwonse amaitanabe dzina langa poitana mayina, ndipo kalasi yonse imayankha kuti kulibe.

Tinakolola. Mvula inali itadula mtedza ukuyamba kumene kukhwima, ndipo amalume anati tiona chaka chamawa.

Loweruka lapitali mnzangayo anaimbanso. Anakamba za mayeso, za mtsikana wina amene wabwera kuchokera ku Sinda, za nsapato zake zatsopano. Ndinamufunsa za kuitana mayina m'mawa, mphepo ikulira mufoni. Anati aphunzitsi asiya kuitana dzina langa.